Walira mvula walira matope

Dzuwa la mu Novembala likamaswa mtengo, maso a mlimi amakhala kumwamba. Mizere anaunga kale, mbewu ili m'thumba, chatsala ndi mvula basi. Koma ikangogwa, njira yakumunda imaterera, njinga imakana kuyenda, mwana amabwera kusukulu yunifolomu ili bii. Munthu yemwe uja ankadandaula za ng'amba amayamba kutukwana thope. Apa m'pamene akuluakulu amamukumbutsa kuti walira mvula walira matope. Akutanthauza kuti chabwino chimene ukuchifuna chimabwera ndi zowawa zake, ndipo sungatole chimodzi n'kusiya chinzakecho.

Mwambiwu umamveka ngakhale kumayiko kumene kumagwa chipale chofewa. Ku Norway, Sweden ndi Finland anthu amapikisana kuthamanga mtunda wautali pachipale, atamanga timatabwa ta ski kumapazi, akudzikankha ndi ndodo ziwiri. Chitunda chilichonse amachikwera ndi miyendo, mikono ndi mapapo awo. Mpikisano wa Vasaloppet ku Sweden, umene unayamba mu 1922, ndi wa makilomita 90 kuchokera ku Sälen kukafika ku Mora. Wa Birkebeiner ku Norway ndi wa makilomita 54, kuchokera ku Rena kukathera ku Lillehammer, koma aliyense amabereka chikwama cholemera makilogalamu osachepera 3.5. Amatero pokumbukira asilikali amene mu 1206 anathawitsa kamwana kachifumu, Håkon, kudutsa m'mapiri. Wofuna ulemu wa mpikisanowu ayenera kusenza katunduyo.

Ife oonerera timangoona mendulo ili pakhosi. Zimene zimachitika chipale chikasungunuka sitiziona. Miyezi yotenthayo akatswiriwa amathamanga pamsewu wa tala ndi timatabwa tokhala ndi mateyala, ndipo ambiri a ku Norway amalowa dala m'madambo. Phazi limamira, polizula thope limakoka nsapato, madzi ozizira ali tho m'masokosi. Amasankha dambo chifukwa mtima umagwira ntchito yaikulu pamene mawondo sakugunda pansi polimba. Mlimi amangopirira matope, koma anthu awa amachita kuwafunafuna, podziwa kuti mphamvu za pa tsiku la mpikisano zimachokera momwemo.

Mu 1998, pa Olimpiki ya ku Nagano ku Japan, Philip Boit anakhala munthu woyamba wa ku Kenya kupikisana nawo pamasewera a nyengo yozizira. Iye anali wothamanga wapamtunda, ndipo ski anakaiphunzirira ku Finland ali wamkulu kale. Pa mpikisano wa makilomita 10 anafika pomalizira penipeni, patadutsa mphindi pafupifupi 20 wopambana atalowa. Wopambanayo, Bjørn Dæhlie wa ku Norway, anamudikirira pamzere womalizira n'kumukumbatira. Dæhlie anapata mendulo zagolide 8 pa Olimpiki m'moyo wake, choncho kuwawa kwa makilomita amenewo ankakudziwa bwino. Boit analibe liwiro, koma Dæhlie anaona mnzake amene wadutsa m'matope omwewo osabwerera m'njira. Patsogolo pake Boit anatcha mwana wake wamwamuna dzina loti Dæhlie.

Tisausokoneze mwambiwu. Sukunena kuti chowawa chilichonse n'chabwino. Madzi otayika pampopi amapanganso matope, koma sameretsa chimanga. Ngakhale eni masewerawa ali ndi malire: kukazizira kupyola madigiri 20 pansi pa ziro, malamulo a mipikisano ikuluikulu amati aimike. Kupuma wefuwefu pachitunda ndi gawo la ntchito, koma kuthamanga ndi bondo lovulala ndi kudziwononga. Wanzeru amafunsa kaye ngati matope amene wapondawo ali a mvula imene iye analira.

Ngati yankho ndi eya, kudandaula kulekeke. Wophunzira unamwino walira ntchito ya usiku. Mayi woyamba geni walira kudzuka tambala woyamba ndi kuluza masiku ena. Wokhumba mendulo walira dambo, chisanu ndi miyendo yonjenjemera. Nsapato zikalemera ndi thope, mlimi wodziwa amazipala ndi kamtengo, n'kutenga khasu lake kupita kukabzala nthaka ikadali yonyowa.