Mkati mwa Chipewa

Nkhani yanga lero ndi ya chipewa choluka, chija ana athu amachitcha hedisoki. Ndi kanthu kakang'ono, ulusi wa magalamu 100 ndi madzulo anayi basi, koma kanandiphunzitsa chinthu chimene sindinachiganizirepo bwino zaka zonse zimene ndatumikira monga dikoni. Funso lake ndi ili: tikamapereka mphatso kwa munthu wodwala, kodi maso athu amakhala pa iyeyo kapena pa ife eni?

M'chaka cha 2023 mayi wina wa mumpingo mwathu anapezeka ndi khansa ya m'bere. Dzina lawo sinditchula, koma andilola kulemba nkhaniyi. Atachitidwa opaleshoni anayamba maulendo a ku Lusaka, ku Cancer Diseases Hospital, chipatala chimene chinatsegulidwa mu 2007 pafupi ndi UTH. Kuchokera kuno ku Chipata ndi mtunda wa makilomita oposa 550, pafupifupi tsiku lathunthu m'basi, ndipo ankapita milungu itatu iliyonse kukalandira mankhwala a chemotherapy. Pobwera ku ulendo woyamba anali ndi tsitsi lawo lonse. Tsiku la ulendo wachiwiri lisanafike, tsitsilo linayamba kutsalira pa pilo ndi m'chipeso.

Ine ndimaphunzitsa Biology ku sekondale, choncho chifukwa chake ndinkachidziwa. Thupi lathu linapangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo. Maselo a khansa amagawikana mofulumira ndi mosalekeza, ndipo mankhwala ambiri a chemotherapy amalimbana ndi maselo amene akugawikana mofulumira chotero. Tsono maselo a m'mizu ya tsitsi nawonso amagawikana mofulumira, ndiye mankhwala aja amawagwira limodzi. Kawirikawiri tsitsi limayamba kuthothoka patapita milungu iwiri kapena itatu, nthawi zina ndi nsidze zomwe. Si mankhwala onse amene amatero, ndipo mankhwala akatha tsitsi limameranso. Kuthothoka kumeneku sikutanthauza kuti munthu akumwalira, ndipo khansa siipatsirana. Zonsezi ndinkatha kuzilemba pa bolodi. Chimene sindinkadziwa ndi mmene khungu la mutu limamvera kuwawa pa nthawi imeneyo.

Ndinaganiza zowalukira chipewa, popeza mwezi wa June unali pafupi ndipo kuzizira kwa Lusaka m'mamawa tikukudziwa. Ndinagula ulusi wowala bwino koma wokhakhala, chifukwa ndiwo unali wotchipa. Ndinasankha kalukidwe kovuta, kaja kotulutsa timibulu ngati njere za chimanga, kamene ndinaphunzira ndili mtsikana. Chitatha ndinachionetsa kwa aphunzitsi anzanga, ndinachionetsanso pa tsiku lathu la Chigwirizano, amayi nkuombera m'manja. Kenaka tinapita gulu kukaona odwala aja, ndipo titaimba ndi kupemphera ndinatulutsa chipewa changa pamaso pa onse. Anachilandira ndi manja awiri, nathokoza kwambiri.

Patapita milungu iwiri ndinadzeranso kwawo ndili ndekha. Pabwalo ndinapeza mdzukulu wawo akusewera padothi, chipewa changa chili kumutu. Agogo ake anali m'nyumba atakulunga mutu ndi chidutswa cha sikipa yakale ya amuna awo, pamwamba pake chitambala. Ndinacheza nawo ngati palibe kanthu, koma ndiulule pano kuti mtima unandiwawa. Pobwerera ndinkangonena ndekha kuti madzulo anga anayi atayika, ndi kuti anthu ena sayamika.

Amene anandithandiza ndi mwana wawo wamkazi. Tinakumana kumsika, ndipo ndi manyazi anati, "Amayi aphunzitsi, musakhumudwe. Amayi anachiyesa usiku umodzi koma sanagone. Chimawakanda, ndipo m'mawa mutu unali ndi mabala ofiira." Ndinapempha kuti andibweretsere chipewacho. Nditachitembenuza ndinaona zimene sindinazione pochiluka. Munali mfundo zisanu ndi imodzi pamene ndinalumikiza ulusi, msoko wokhuthala kumbuyo, ndi nsonga za ulusi zimene ndinangozibisa mkati poti palibe adzazione. Pa mutu wa tsitsi zimenezi si kanthu, ndiye chifukwa chake mwana uja ankachikonda. Pa khungu lopanda tsitsi, lomva kuwawa, zinali ngati minga.

Usiku umenewo ndinaganiza kwambiri. Luso langa lonse ndinaliika kunja, mbali imene ine, aphunzitsi anzanga ndi amayi a Chigwirizano tinkaiona. Mbali imene mwini chipewa yekha akanaimva ndinaisiya chisiyiresiyire. Ndinazindikiranso kuti tsiku lija pabwalo sindinadandaule kuti mnzanga akugona ndi mutu wozizira. Ndinadandaula kuti ntchito yanga siikuoneka. Makolo athu anati kupatsa nkuika, ndipo mwambiwu uli ndi nzeru zake, pakuti umatikumbutsa kuti tonse timadalirana. Koma ndinadzifunsa kuti ine ndinkaika chiyani, ndipo ndinkayembekeza kudzatenga chiyani. Yankho linali lochititsa manyazi. Ndinkaika kuti ndidzatenge chiyamiko.

Pali chinanso chimene ndinalakwa. Popereka mphatso pamaso pa gulu, ndinawatsekera pakamwa. Ndani angauze dikoni wake, anzake khumi akuyang'ana, kuti chimene mwandibweretserachi sichindiyenera? Munthu wodwala amakhala kale ndi katundu wolemera, ndiye ife timamuwonjezera wina, wa kuthokoza zinthu zimene sizimuthandiza ndi kubisa zoona kuti ife tisakhumudwe. Mayi aja anasenza katundu ameneyu milungu iwiri chifukwa cha ulemu.

Nditafotokoza zimenezi pa Chigwirizano, mayi wina wachikulire anafunsa funso limene silinali lopepuka. Anati, "Kodi zipewa zimenezi nzofunikadi? Ndalama ya ulusi bwanji osaiika pa ulendo wa basi? Ndiponso ife timavala zitambala kale." Sindinafune kumuyankha mothamanga, chifukwa mbali yaikulu ananena zoona. Chipewa sichichiza khansa. Mankhwala aja amaperekedwa pa nthawi yake, ndipo wodwala akalephera kupita chifukwa chosowa ndalama ya ulendo, chithandizo chimasokonezeka. Ngati tiyenera kusankha chimodzi, tisankhe ulendo. Ndiponso pali ngozi yoti munthu akaluka chipewa mtima wake umakhala pansi ngati wachita zonse, pamene banja la wodwala likugulitsa mbuzi kuti mayi akwere basi.

Komabe sindinavomere kuti chipewa nchachabe. Chitambala chimagwira bwino pa tsitsi, koma pa mutu wosalala chimaterereka, ndipo mfundo yake imapweteka munthu akagona. Usiku wa June mutu wopanda tsitsi umazizira kwambiri. Ndiponso pakati pathu pali amayi ambiri amene ndalama alibe koma manja ndi madzulo ali nawo. Tikanena kuti chothandiza ndi ndalama yokha, ndiye kuti tawauza amayi amenewa kuti alibe chopereka. Tinagwirizana kuti tizichita zonse ziwiri, ndi kuti chipewa chisamapite chokha popanda kusonkha ya ulendo.

Ine pamenepo ndinali nditapita mbali ina. Poopa kunyada ndinaganiza kuti kukongoletsa ndiko kunandilakwitsa, choncho ndinaluka zipewa ziwiri za ulusi wofewa wa thonje, zotuwa, zopanda chokometsera chilichonse. Ulusi wobiriwira unatsalako, ndiye ndinalukanso chachitatu cha mizere yotukuka ngati mizere ya m'munda, koma ndinasamala kuti kutukuka konse kukhale kunja. Ndinapita nazo ndekha, ndipo nthawi ino ndinati, "Amayi, yesani nokha. Chimene sichikuyenerani mundiuze, sindikhumudwa."

Anazitenga chimodzichimodzi, nalowetsa dzanja mkati, nakhudzitsa patsaya. Zonse zitatu zinali zofewa. Anasankha chobiriwira chija. Ndinawafunsa chifukwa chake, ndipo anati, "Ndikavala zotuwazi aliyense m'basi adziwa kuti ndine wodwala, ayamba kundiyang'ana ndi maso achisoni. Ndikavala ichi angondifunsa kuti mwagula kuti." Anaonjeza mawu amene sindidzawaiwala. Anati tsiku limene tsitsi linatha anadziyang'ana pagalasi nkuona ngati ameta maliro, ndipo maliro ake ndi a iwo eni.

Amayi anzanga, tikudziwa tanthauzo la kumeta pa mwambo wathu. Mayi wamkulu akaoneka ndi mutu wopanda tsitsi, anthu ambiri amaganiza za imfa. Matendawa amalanda munthu zambiri, mphamvu, chilakolako cha chakudya, ndalama, nthawi zina ndi chiwalo cha thupi. Amafunanso kumulanda dzina, kuti anthu aleke kumuona monga mayi, mlimi, woimba kwaya, azingoti wodwala uja. Chipewa chokongola chinawabwezera kanthu pang'ono pa zimenezi. Anatha kukhala m'basi monga mayi wina aliyense wovala bwino.

Apa ndi pamene ndinaona kuti kukongola sikunali kulakwa kwanga. Chipewa choyamba ndi chachitatu zonse zinali zokongola. Choyamba ndinachikongoletsa kuti anthu aone ine, chachitatu chinakongola kuti anthu aone iwo. Zotuwa zija nazonso, ngakhale ndinkaziyesa zodzichepetsa, ndinaziluka ndikuganiza za mtima wanga, kuti ndisaoneke wonyada. Nthawi ziwiri zonsezi sindinafunse mwini mutu. Ndimakumbukira nkhani ya Dorika wa ku Yopa pa Machitidwe 9, mayi amene ankasoka zovala. Atamwalira, amene anaonetsa zovalazo kwa Petro anali amasiye. Ntchito yake inachitiridwa umboni ndi anthu amene ankamudziwa ndi kuthandizidwa naye, pamene ine yanga ndinayamba kuichitira umboni ndekha isanafike nkomwe kwa mwini wake.

Kwa inu amene mukufuna kuyamba ntchitoyi m'mipingo mwanu, nazi zimene taphunzira:

1. Sankhani ulusi wofewa, makamaka wa thonje. Uyeseni pakhosi kapena patsaya, pakuti zikhato zathu zinauma ndi ntchito ndipo sizimva kukhakhala.
2. Yambani pakati pa mutu nkumaluka mozungulira, kuti pasakhale msoko.
3. Musamange mfundo polumikiza ulusi. Nsonga zake muzilowetse bwino m'kati mwa zoluka kuti zisakhudze khungu.
4. Timibulu ndi mizere zikhale kunja. Mukatha, tembenuzani chipewa nkuchiyendetsa dzanja.
5. Pewani kalukidwe ka mabowo akuluakulu, chifukwa khungu limaonekera ndipo mphepo imalowa.
6. Mutu wa munthu wamkulu umazungulira masentimita pafupifupi 54 mpaka 57, koma wopanda tsitsi umachepako. Chipewa chifike m'makutu ndi kunkhongo.
7. Chichapeni ndi sopo wopanda fungo lamphamvu, chiume bwino, muchiike m'pepala loyera. Mankhwala aja amafooketsa chitetezo cha thupi, ndipo fungo limachititsa ena nseru.
8. Pitani ndi zingapo kuti wodwala asankhe yekha. Mupite awiri kapena mmodzi, ndipo musajambule zithunzi.

Phunziro limeneli silithera pa ulusi. Mphatso iliyonse ili ndi mbali yoonekera kwa anthu ndi mbali imene wolandira yekha amaimva. Tikapita amayi makumi awiri kukaona wodwala, nkukhala maola atatu, anthu a m'mudzi amaona kuti Chigwirizano chili ndi chikondi. Wodwalayo mwina akufuna kusanza, kapena kugona, koma sangatithamangitse. Tikamubweretsera nkhuku yokazinga ndi mafuta ambiri pamene mkamwa mwake muli zilonda, iye akanakonda phala. Tikamuuza kuti alimbe mtima asanamalize nkomwe kufotokoza mantha ake, timadzipulumutsa tokha ku zowawa zomumvetsera. Mankhwala a zonsezi ndi amodzi, ndiwo kufunsa, ndi kufunsa m'njira yoti munthu akhale womasuka kuyankha kuti ayi.

Ndisanatsirize ndikumbutse chinthu china. Tisamangoluka zipewa za anzathu nkuiwala matupi athu. Khansa imene imagwira amayi ambiri m'Zambia muno ndi ya khomo la chiberekero, ndipo ikapezeka msanga imachizika. Ntchito yopima amayi inayamba mu 2006, ndipo mu 2019 dziko lathu linayamba kupereka katemera wa HPV kwa atsikana m'dziko lonse. Pitani mukapimitse, mulimbikitsenso ana anu aakazi. Mukamva chotupa m'bere musadikire kuti chiyambe kupweteka.

Mayi aja anatsiriza mankhwala awo, tsitsi linameranso, lofewa ndi la imvi zambiri kuposa kale, ndipo amapitabe ku Lusaka kukaonedwa. Kuluka sadziwa, koma tsopano chipewa chilichonse chimene gulu lathu laluka chimayamba chadzera m'manja mwawo. Amachitembenuza, amachikhudzitsa patsaya, ndipo chikakhala chokhakhala amachibweza kwa mwini wake popanda manyazi. Changa anabwezapo kawiri, ndipo kawiri konseko ndinachimasula nkuyambanso.

Mulungu adalitse ntchito ya manja anu.