Mulungu wa Bezaleli anandipeza ku Chinguluwe

Ine ndine mwana wa mlimi wa thonje wa ku Chinguluwe m'boma la Salima. Ndikulemba izi chifukwa kubisa zimene Yehova wandichitira kungakhale kumubera ulemerero wake. Kwathu mwana akapita ku yunivesite amayembekezeka kubwerako ali mphunzitsi, namwino kapena mlangizi wa zaulimi. Ine ndinapita kukaphunzira luso lojambula ndi kompyuta, ndipo mpaka lero azakhali anga ena amauza anthu kuti ndimakonza mafoni.

Ndili wamng'ono ndinkajambula ndi makala pa khoma la khitchini: ngolo zonyamula thonje, mabwato, asodzi amene ndinkawaona tikapita ku Senga Bay. Bambo funso lawo linali limodzi: "Kodi zithunzizi zimadyedwa?" Sindiwaimba mlandu. Munthu wopopera mankhwala m'munda dzuwa la Salima likuswa mtengo, pamapeto ndalama zake osakwana ndi feteleza yemwe, ayenera kufunsa choncho.

Mtima wawo anautembenuza ndi Mulungu mwini. Lamulungu lina abusa analalikira pa Eksodo 31, za Bezaleli amene anadzazidwa ndi Mzimu kuti asule golide ndi siliva ndi kusema mitengo ya chihema chopatulika. Bambo anabwerera kunyumba osalankhula. Nditakhoza MSCE anagulitsa mbuzi nkunditumiza ku Lilongwe kukachita dipuloma, pakuti MSCE payokha siikwanira kulowera mayunivesite a ku South Africa. Malume anga, amene ankasamalira maluwa pa nyumba ina ku Johannesburg, ndiwo anandiuza za yunivesite ya Wits, kumene kuli maphunziro a Digital Arts. Mapepala anga anakaunikidwa ku bungwe la SAQA, ndinalipira inshuwalansi ya chipatala, chiphaso chophunzirira chinatuluka. Chinandipepukitsira katundu ndi pangano la maphunziro la SADC la 1997, limene limati mwana wa m'chigawo chino azilipira fizi yofanana ndi eni dziko. Atsogoleri ankasaina panganolo ine ndisanadziwe ndi pensulo yomwe, koma Atate wakumwamba ankadziwa kuti lidzandithandiza.

Kumayambiriro kwa 2022 ndinakwera basi yodzera pa Dedza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge mpaka Park Station ku Johannesburg. Agogo anga aamuna anafikako ku Joni komweku pa Wenela, Kamuzu asanaletse ulendo wa ku migodi mu 1974 ndege itagwa ku Francistown. Anabwerako ndi wilesi, njinga ndi chifuwa chosatha.

Miyezi yoyamba inali ya misozi, abale. Anzanga m'kalasi anakula akuseweretsa makompyuta. Ena anali atapangapo kale magemu awoawo. Ine laputopu yanga inali yakaunjika, inkatentha ngati mbaula ndikangotsegula Blender, pulogalamu yaulere youmbira zithunzi zooneka ngati zenizeni. Zinthu ukaziumba umasiyira makina kuti awerengetse kuwala ndi mthunzi pa chithunzi chilichonse, ndipo ntchito imeneyo imatha kutenga usiku wonse. Chaka chimenecho magetsi ankazima mosinthana m'dziko monsemo. Ndinkadzuka m'mawa nkupeza zonse zafera m'njira. Ndinkagona pansi m'kachipinda ka malume kuseri kwa nyumba ya mabwana awo, chisanu cha Juni chikulowa m'mafupa a mwana wobadwira kotentha. M'minibasi ndinkangoti duu, kuopa kuti lilime lindiulula kuti ndine wobwera. Kunyumba ndinkawauza kuti zonse zili bwino, koma usiku ndinkagwada nkufunsa kuti, "Ambuye, kodi munandibweretsa kuno kuti ndidzachite manyazi?"

Yankho linabwera m'kalasi. Mphunzitsi anationetsa filimu yaifupi ya William Kentridge, mmisiri wobadwira mu Johannesburg momwemo, yotchedwa Mine, ya 1991. Munthuyu amajambula ndi makala pa pepala limodzi, natola chithunzi ndi kamera, nafufuta pang'ono, najambulanso, natolanso. Zithunzizo zikatsatizana zimayenda, ndipo zipsera za pofufutidwa zimatsalira poonekera. Filimuyo ndi ya anthu a mu mgodi, ogona mothithikana, otsikira mu mdima. Ndinaona agogo anga. Ndinaonanso khoma la khitchini ya amayi. Ndinatuluka ndikupukuta m'maso, pakuti chida chimene ndinkachita nacho manyazi ndicho chimene munthu wodziwika dziko lonse amagwiritsa ntchito. Kuyambira pamenepo ndinayamba kujambula ndi makala pa pepala, kutola ndi foni, kenako kulumikiza ndi kuika mawu pa kompyuta. Laputopu yanga yofooka ntchito imeneyo inkaikwanitsa.

Kolera itavuta kwathu, imene inayamba mu Marichi 2022 nkupha anthu oposa 1,700, Salima ndi maboma ena a m'mbali mwa nyanja anakhudzidwa kwambiri. Mnzanga wa ku pulayimale anapita nayo. Maliro ndinangowamvera pa foni. Pofuna kupepuza mtima ndinapanga kafilimu ka mphindi imodzi konena za kuthira klorini m'madzi ndi kuthamangira ku chipatala msanga. Musaone kufupika: pa sekondi iliyonse pamafunika zithunzi 12, ndiye kuti mphindi imodzi ndi zithunzi 720. Mawu anaikamo ndi amayi ena a mumpingo wa Amalawi umene ndinkapemphera. Ndinakatumiza pa WhatsApp kwa achibale, nkuiwalako.

Kenako mayesero aakulu anafika. Kwacha inali itagwa kale ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndipo mu Novembala 2023 inagwanso ndi 44 peresenti. Kandalama kamene bambo ankatumiza akagulitsa thonje ndi mtedza kankafika ku randi katasungunuka. Mwezi womwewo mabwana a malume anasamukira kunja, ntchito nkutha, kachipinda nkupita. Tinkagona kwa mkulu wa mpingo wina, telala, pakati pa makina osokera. Panali masiku amene chakudya changa chinali buledi ndi madzi a shuga. Ndinafunsa mtengo wa basi yobwerera kwathu, chikwama ndinalongedza. Ndinaimbira amayi ndikulira. Iwo anangoti, "Mwanawe, usakwere basi. Lachinayi tili ndi Chigwirizano cha amayi, tikakuika m'manja mwa Mwini." Amayi aja anapemphera, nasonkhanso kangachepe kochokera m'nsonga za zitenje zawo. Sikanakwane fizi, koma kanandigulira ufa.

Sabata yotsatira ndinalandira uthenga kuchokera ku bungwe lina la zaumoyo. Mkulu wina kumeneko anaona kafilimu kanga ka kolera pa foni ya wantchito wawo wa ku Salima, ndipo anakhala akufunafuna amene anakapanga. Ankafuna mafilimu ena m'Chichewa, a malungo ndi a katemera wa ana, ndipo malipiro anali a randi. Chiphaso changa chimalola wophunzira kugwira ganyu wosapitirira maola 20 pa sabata, ndipo ntchitoyo inalowa ndendende m'maola amenewo. Ndinagwada pakati pa zidutswa za nsalu za telala uja. Ndani akanalumikiza foni ya ku Salima ndi ofesi ija, pa sabata yeniyeniyo, kupatula Yehova? Fizi ndinalipira, ine ndi malume tinapeza chipinda cha lendi, ndipo chakhumi changa choyamba ndinatumiza ku mpingo wa kwathu.

Ndikapita ku tchuthi ndimasonkhanitsa ana a Sande sukulu pansi pa mtengo wa mango. Timamangirira foni pa mpando, pepala pansi, makala m'manja, ndipo madzulo nkhani ya Yona imakhala ikuyenda, chinsomba chake chikufanana kwambiri ndi kampango. Pali kamtsikana kamodzi kamene dzanja lake limaposa langa pamene ndinali msinkhu wake, ndipo ndayamba kale kulankhula ndi makolo ake. Mutikumbukire m'mapemphero, iye ndi ine, komanso malume amene akufunabe ntchito yokhazikika. Dzina la Ambuye Yesu lilemekezeke. Ameni.