Kafukufuku wanu akafike pa desiki la wogwira ntchito

Ana anga, inu amene mukumaliza kafukufuku wa kalembedwe ka mapulogalamu a pakompyuta ku Zomba, ku Blantyre, ku Thyolo ndi ku Mzuzu, tamverani kuno. Pakati pa buku lanu la digiri ndi desiki la munthu wolemba mapulogalamu kukampani pali mtunda wautali. Mu 1985, Samuel Redwine ndi William Riddle atatsata mbiri ya nzeru zingapo za ntchitoyi anapeza kuti nzeru yatsopano imatenga zaka 15 mpaka 20 kuti ifalikire. Zambiri zimafera panjira, ndipo si chifukwa choti n'zabodza.

Nkhani imene ndikufuna muisunge ndi ya chida chotchedwa Infer. Chinachokera mu masamu ozama amene John Reynolds wa ku Carnegie Mellon ndi Peter O'Hearn wa ku London anakonza chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, othandiza kudziwa ngati pulogalamu ikugwiritsa ntchito bwino malo osungira zinthu m'kompyuta. O'Hearn ndi anzake anali ndi kakampani kotchedwa Monoidics kamene kanapanga chidachi, ndipo Facebook inakagula mu 2013. Poyamba ku Facebook chidacho ankachiyendetsa usiku pa code yonse ya pulogalamu yam'mafoni, n'kutulutsa mndandanda wa zolakwika, kenako n'kugawira olemba mapulogalamu kuti akonze. Zolakwika zambiri zinali zenizeni. Koma pafupifupi palibe amene anakonza.

Apa wofufuza wodzikuza akanati anthu a kukampani ndi aulesi, n'kubwerera kuyunivesite atakwiya. Iwowa sanatero. Anasintha nthawi imene chidacho chimalankhula. Tsopano munthu akangosintha kachigawo ka code n'kutumiza kwa anzake kuti aunike, Infer nayenso ankalembapo ndemanga yake pomwepo, ngati mmodzi wa ounikawo. Zolakwika zoposa 70 pa 100 zilizonse zinayamba kukonzedwa. Masamu anali omwewo, chida chomwecho.

Taganizirani chifukwa chake. Munthu amene mutu wake uli pa ntchito ya lero, mukamupatsa vuto la mu code imene inalembedwa chaka chatha, mwina ndi wina amene anachoka kale, ndiye kuti mwamuuza asiye zonse ayambe kukumbukira zakale. Akuuzani kuti aona mawa, ndipo mawalo silifika. Koma mukamuonetsa vuto mu mizere imene wangolemba, akadali nayo m'mutu, amadziwa kuti ndi lake ndipo kukonza kwake n'kwa mphindi zochepa. Kuyankha msangaku kunatheka chifukwa Infer inapangidwa kuti iziunika zigawo zokhazo zimene zasintha, osayambiranso pulogalamu yonse. Chida chochedwa kuyankha chimapeza mwini ntchito atapita kale patsogolo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Chida chimene chili m'magazini ya akatswiri chikadali pachala.

Dawson Engler ndi ophunzira ake a ku Stanford, amene anayambitsa kampani ya Coverity, anakumana ndi zina zimene buku la digiri silitchula. Nthawi zambiri chida chawo chinkalephera ngakhale kuwerenga code ya makasitomala, chifukwa kampani iliyonse inali ndi zida zake zakale ndi kalembedwe kakekake. Anaonanso kuti cholakwika chenicheni chikafotokozedwa movuta kumva, wogwira ntchito amangochiyesa bodza la makina, ndipo akatero kangapo sakhulupiriranso chidacho. Ku Google anafika poika kabatani kamene munthu amadina ngati chenjezo silinamuthandize, ndipo gawo la chida limene anthu achuluka kulidandaula amalizimitsa mpaka eni ake atalikonza.

Musaganize kuti izi n'za kutsidya kokha. Makompyuta okhudza ndi chala amene bungwe la Baobab Health linayamba kuika ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe mu 2001 anakhazikika chifukwa amene anawapanga anayang'ana kalaliki ndi namwino amene ali ndi mzere wa odwala pakhomo, sanazolowere kutayipa, ndiponso magetsi amazimazima. Anawapatsa sikirini yodina ndi chala, mabatire, ndi kapepala komata pa buku lakuchipatala la wodwala. Pulogalamu ya DHIS2 imene Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsira ziwerengero inapangidwa ku yunivesite ya Oslo, koma inakula mwa ofufuza kukhala limodzi ndi ogwira ntchito zaumoyo m'maboma kwa zaka zambiri.

Ndiye inu, musanalembe mzere ngakhale umodzi, pemphani malo kubanki, kukampani ya mafoni kapena kuofesi ya boma, mukakhale pafupi ndi olemba mapulogalamu awo milungu ingapo. Pitani modzichepetsa, mukafunse chimene chimawagoneka mochedwa. Mudzapeza kuti vuto lawo si limene munaliwerenga. Chida chanu muchiyese pa code yawo yosokonekerayo, osati pa timapulogalamu taukhondo ta m'kalasi. Chikalephera, lembani kulepherako moona mtima, chifukwa nakonso ndi kafukufuku.

Ndikudziwa kuti yunivesite imakwezera munthu pa mapepala amene wasindikiza, osati pa maola amene wathera kukonza chida kuti chilowe m'kompyuta ya munthu wina. Zimandipweteka, ndipo ife akuluakulu ndi amene tiyenera kuzisintha. Koma pakali pano musasiye chida chili chamasiye tsiku lolandira digiri. Lembani malangizo oti mlendo angathe kuchiika yekha popanda kukuimbirani foni. Gwirizanani ndi kampaniyo molemba za umwini wa ntchitoyo ndi chinsinsi cha makasitomala awo musanayambe. Ndipo pezani munthu mmodzi mkatimo amene adzachisamalire inu mukachoka, mumuphunzitse mpaka azitha kuchikonza yekha.