Kubaya Chala Sikumasula Swaumu



Ena a inu kuno ku Chisi, amene muli ndi matenda a shuga, mumatsekera m'sutikesi kachipangizo koyezera shuga mwezi wonse wa Ramadhan, poopa kuti kadontho ka magazi kaononga swaumu. Iyayi abale. Mashehe ndi madokotala amagwirizana kuti kubaya chala sikumasula, pakuti palibe cholowa m'mimba. Yezani pa daku, masana, nthawi ya Asr, ndiponso patapita maola awiri mutamasula.

Nanga nambala ija ikutiuza chiyani? Tizipangizo tina timawerenga mu mg/dL, tina mu mmol/L, dziwani kanu. Kakaonetsa nambala yochepera 70, kapena yochepera 3.9 pa mtundu winawo, shuga watsika. Masulani pompo, ngakhale dzuwa litatsala pang'ono kulowa. Sungunulani masupuni aang'ono atatu a shuga m'madzi, imwani, muyezenso pakatha mphindi 15. Shuga akatsika munthu amanjenjemera, amatuluka thukuta, amachita chizungulire, kenaka amakomoka. Taganizani, bambo, zikupezeni muli nokha m'bwato pakati pa Chilwa, mukukoka ukonde wa matemba! Adzakuvuulani ndani? Inu obaya insulini ndi inu omwa glibenclamide, ngozi imeneyi ili pafupi ndi inu koposa.

Kakapitirira 300, kapena 16.6, shuga wakwera kwambiri. Pamenepanso masulani, imwani madzi ambiri opanda shuga, ndipo fulumirani kuchipatala, poti njira ya ku Zomba yodzera pa Kachulu siyoyamba usiku. Kawirikawiri chokweza shuga ndi futali wa chinangwa mbale yodzaza, ndi tiyi wotsekemera ngati uchi.

Tikudziwa, manyazi alipo. Munthu wamkulu kumwa madzi masana ana akuona, mtima umawawa. Koma mu Surah Al-Baqarah, ndime 184 ndi 185, Allah wapereka chilolezo kwa wodwala kuti amasule, adzabweze masikuwo akapeza bwino. Amene matenda ake ngosachizika ndipo sangathe kusala, apereke fidya, kudyetsa wosauka mmodzi pa tsiku lililonse. Kodi tingakane chimene Mwini swaumu watipatsa?

Amayi, mnzanu akakomoka musamuthire madzi kukamwa, angatsamwe. Mugonekeni chammbali, mupake shuga pang'ono mkati mwa tsaya, ndipo itanani a bwato.