Chakudya cha mfumu ndi chiwindi chathu

Mawu athu tiwapeza pa Danieli 1:8-16.

Danieli anali mlendo ku Babulo monga ife tilili kuno. Anamuikira chakudya cha mfumu, koma iye anapempha ndiwo zamasamba ndi madzi kwa masiku 10. Cholinga chake chinali kusadzidetsa pamaso pa Mulungu, osati kuchepetsa thupi. Koma chimene chimandigwira mtima n'chakuti mnyamata wopanda mphamvu m'dziko la eni anadziwa kuti pakamwa pake wolamula ndi iye mwini.

Ndine namwino, ndimakhala ku Al Markhiya muno mu Doha. Matenda amene ndimawaona kawirikawiri ndi mafuta m'chiwindi. Mafutawo akapitirira magawo 5 pa 100 alionse, chiwindi chimayamba kuvutika, ndipo pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa anayi padziko lapansi ali nawo. Ambiri amadabwa chifukwa mowa sanaulawepo. Zoona, Mkhristu wosamwa angathe kukhala ndi chiwindi chofanana ndi cha chidakwa. Choopsa n'chakuti chiwindi sichidandaula msanga. Chimagwira ntchito mwakachetechete zaka zambiri, mpaka chimachita zipsera n'kuuma.

Chakudya cha mfumu cha ku Qatar tonse tikuchidziwa. Tiyi wa karak wodzaza shuga ndi mkaka, m'mawa, masana, ndi pa ntchito ya usiku. Mpunga mbale yodzaza, nkhuku yokazinga, kenako chakumwa chozizira chifukwa kunja kwatentha kupitirira madigiri 40. Chitini chimodzi cha kola chili ndi shuga pafupifupi magalamu 35, pamene bungwe la WHO limati ndi bwino kusapitirira magalamu 25 pa tsiku, ndiye kuti timasupuni 6. Mbali ina ya shugayo imapita kuchiwindi n'kusanduka mafuta. Boma la kuno linakweza msonkho wa zakumwa zoterezi mu 2019, koma ife sitinasiye. Ngakhale juwisi wa zipatso, amene timamuona ngati wosalakwa, ali m'gulu lomwelo. Lalanje idyani lonse, musalifinye.

Pali china chovuta kuposa shuga. Tikapita kumudzi patchuthi, amayi amatiyang'ana n'kunena kuti tanenepa, ndiye kuti zikutiyendera. Tinakula tikuona mimba ngati umboni wa madalitso, ndipo sindikuwaimba mlandu makolo athu amene anaiona njala ya 2002. Ngakhale pa ndime 15 anyamata aja akuyamikiridwa kuti anaoneka onenepa. Koma kunenepa kwa munthu wopulumuka ku njala n'kwina, kwa munthu wokhala tsiku lonse m'chipinda chozizira n'kwinanso. Ambirife tili ndi ana asukulu ndi makolo amene akudikira ndalama kumapeto kwa mwezi. Thupi likakana, ntchito yatha, chitupa chokhalira kuno chathanso. Nanga iwo aja adzadya chiyani? Paulo pa 1 Akorinto 6 akutikumbutsa kuti thupili lili ndi Mwini wake. Ife tinangopatsidwa kuti tilisunge.

Uthenga wabwino ndi wakuti chiwindi chimachira ngati sichinaume. Kutaya magawo 7 mpaka 10 pa 100 a kulemera kwanu kumathandiza kwambiri: wa makilogalamu 90 ataye 6 mpaka 9, pang'onopang'ono, kwa miyezi ingapo. Kusala kudya masiku atatu kenako n'kudya mopambanitsa si mankhwala. Salani chifukwa cha pemphero, osati chifukwa cha chiwindi, ndipo ngati muli ndi matenda a shuga yambani mwafunsa dokotala.

Ndiwo za Danieli kwathu tinali nazo kale. Nyemba, nandolo, therere, kabichi ndi nsomba zimapezeka m'masitolo a kuno. Masamba atenge theka la mbale. Nsima sindikuletsani, ndingakhale wabodza, koma mtanda umodzi, ndipo ya mgaiwa iposa yoyera. Zimenezi pamodzi ndi madzi ambiri zimathandizanso odzimbidwa. Inu a chilungulira, musagone musanathe maola awiri kapena atatu mutadya, ngakhale mwaweruka usiku. Yendani mphindi 30 masiku asanu pa sabata. Dzuwa likalowa ku paki ya Dahl Al Hamam kumayendeka, ndipo m'miyezi yotentha yendani m'kati mwa sitolo yaikulu.

Chenjerani ndi mankhwala a zitsamba amene akugulitsidwa pa WhatsApp ati otsuka chiwindi. Ena mwa iwo ndi amene amachiwononga. Pitani ku chipatala cha m'dera lanu akakuyezeni magazi, shuga, ndi matenda a chiwindi a mtundu wa B, amene ndi ofala kwathu kuja. Kupita kuchipatala si kuchepa kwa chikhulupiriro. Luka amene analemba Uthenga Wabwino anali sing'anga.

Lachisanu likudzali tikamadyera pamodzi titatuluka m'tchalitchi, ndikupempha amayi ndi abambo okonza chakudya kuti pa tebulo pakhale madzi ndi mphika wa nyemba. Tipempherere abale amene alandira zotsatira zowaopsa ndipo sanauzebe a kunyumba.