Kodi Kulemera kwa Ampulifaya Ndi Umboni wa Choonadi?

Okonda nyimbo ambiri amakhulupirira kuti ampulifaya yolemera ndi yotentha ndiyo yeniyeni, ndipo yopepuka ndi yachinyengo. Maganizowa amayesa phindu la chinthu poona mmene chikuvutikira, ngati kuti mlimi wotuluka thukuta kwambiri ndiye amadzaza nkhokwe. Ampulifaya yolemera ya Class AB imataya pafupifupi theka la magetsi ake m'kutentha, pomwe yopepuka ya Class D, imene matiransisita ake amayaka ndi kuzima maulendo oposa 200,000 pa sekondi, imafikitsa ku sipika magawo pafupifupi 90 pa 100 alionse. Besi ndiyo imadya mphamvu kwambiri, ndipo kutentha kwa chitsulo khutu silikumva.

Otsutsa amati kuyaka ndi kuzimaku kumapha kukoma kwa mawu. Sakunama kotheratu, pakuti ampulifaya ya Class D yotchedwa Sinclair X-10 ya mu 1964 inali yofooka, ndipo zosefera za makina oyambirira zinkasokoneza mawu okwera. Komatu besi imanjenjemera maulendo osakwana 300 pa sekondi, kutali zedi ndi kumene vutolo linkamvekera, choncho mlandu wa makina akale sungagwere atsopano. Pa besi, Class D yopangidwa bwino ndiyo yoyenera kusankha.