Nkhani ya ku Thyolo iyambe ndi ndani?

Mu Ogasiti 1953 azungu a pa esiteti ya Mangunda, chakufupi ndi Luchenza ku Thyolo, anapezerera anthu akuba malalanje. Posakhalitsa mbiri inawanda m'midzi yakuti azunguwo apha munthu n'kumunyamula m'thumba, ndipo anthu amene ankaopa kale chifwamba sanafunenso umboni. Khamu linasonkhana, misewu inatsekedwa ndi mitengo, apolisi anabwera ndi mfuti. Pamene chipwirikiti chinkazilala m'chigawo chakumwera, anthu akuda 11 anali atafa.

Mtolankhani amene akanatumidwa kukalemba nkhaniyo akanakumana ndi funso lovuta asanalembe liwu ndi limodzi lomwe. Akanayamba ndi malalanje, nkhani yonse ikanakhala ya umbava, mwini esiteti ndiye wodandaula. Akanayamba ndi Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chomwe chinakhazikitsidwa chaka chomwecho anthu akuchikana, nkhaniyo ikanasamukira ku Zomba ndi ku London. Koma akanathanso kuyamba ndi banja lokhala pa malo a esiteti, lomwe bambo wake ankagwira thangata kuti asathamangitsidwe pa nthaka imene makolo ake anaikidwa m'manda. Zonsezi n'zoona, ndipo palibe chiganizo chimodzi chimene chikananyamula zonse. Chimene wolemba waika patsogolo ndicho chimauza wowerenga kuti mwini nkhani ndani, wolakwa ndani, ndipo owerenga ambiri safika ndime yachitatu kuti akasinthe maganizo.

Kuno kwathu malo oyambawo akhala a anthu akuluakulu kuyambira kale. Nyuzipepala yoyamba yokhalitsa m'dziko muno inabadwa mu 1895 ndi dzina loti Central African Planter, ndipo ndi imene inadzakhala Nyasaland Times, kenako Daily Times. Inkalembera eni minda: mitengo ya mbewu, mvula, kusowa kwa antchito. Ufulu utabwera mu 1964, mpando unangosintha mwini. Amene anakula akumvera MBC m'zaka za Kamuzu amakumbukira kuti nkhani zinkayamba ndi Ngwazi, maina aulemu onse atandandalikidwa, chochitika chenichenicho n'kubwera pambuyo. Riferendamu ya 1993 inamasula pakamwa, The Nation inayamba chaka chomwecho, koma chizolowezi choyamba ndi bwana sichinachoke. Lero ndi nduna, bwanamkubwa, phungu, mneneri wa apolisi.

Tengani chitsanzo chongopeka cha ku Bvumbwe, kumene alimi amakama ng'ombe kusanache n'kupalasa njinga ndi zigubu kupita kumalo osonkhanitsira mkaka. Tinene kuti magetsi anathima usiku wonse, thanki yoziziritsira inaima, alimi abwezedwa. Masana kwabwera mkulu wina kudzalankhula nawo. Chiganizo chimene chimatuluka kawirikawiri ndi chamtundu uwu: "Mkulu woona zaulimi m'boma la Thyolo walimbikitsa alimi a ng'ombe za mkaka kuti azilimbikira ntchito pofuna kutukula mabanja awo." Mawu pafupifupi makumi awiri apita, koma palibe chachitika. Chiganizo chomwechi chikhoza kusindikizidwa ku Mzimba chaka chamawa, kungosintha dzina la boma. Wolemba wina akanati: "Alimi a ku Bvumbwe anabwerera kwawo ndi zigubu zodzaza Lachiwiri m'mawa, mkaka wawo utakanidwa chifukwa thanki yoziziritsira sinagwire ntchito usiku wonse." Apa muli munthu, muli tsiku, muli chimene chatayika. Mkulu uja alankhulabe m'ndime yachiwiri, ndipo mawu ake amveka bwino chifukwa wowerenga akudziwa funso limene akuyankha.

Pali amene amateteza kuzungulira, ndipo mfundo yawo si yachibwana. Amati Chichewa sichilankhulidwa mothamanga. Wobwera ndi uthenga wa maliro sakuwa ali pamsewu. Amalowa, amakhala pansi, malonje amachitika, kenako amanena chimene wadzera. Pabwalo la mfumu munthu amayamba wapereka ulemu kwa mfumu ndi nduna zake asanatchule dandaulo. Ulemu umenewu ndi chuma, ndipo palibe wanzeru angafune kuti uthe. Koma wokhala pamphasa sachoka mlendo ali pakati pa malonje, pamene wowerenga amachoka nthawi iliyonse. Mayi wogulitsa tomato ndi kabichi m'mphepete mwa msewu wa Limbe kupita ku Thyolo amamvera wailesi khutu lina lili kwa kasitomala. Pa Facebook nkhani yaitali imadulidwa pakangotha mizere yochepa, ndipo yotsalayo amaiona yekhayo amene wadina. Namondwe wa Freddy atagunda mu Malichi 2023, mnyamata wa ku Thyolo wogwira ntchito ku Johannesburg ankafuna kumva dzina la mudzi umene wakokoloka ndi mlatho umene waduka. Kumuyambitsira ndi udindo wa amene wapepesa kunali kumusunga m'mantha popanda chifukwa.

Wothyola tiyi amaidziwa bwino ntchito yosankha. Dzanja lake limatenga nsonga ndi masamba awiri anthete, ena onse okhwima n'kuwasiya pamtengo, chifukwa akadzaza nawo dengu kapitawo akawakana pasikelo. Chiganizo choyamba chimafuna dzanja lotero. Mtolankhani amabwera kuchokera kumudzi ndi kope lodzaza, ndipo chisoni chotaya zimene wavutikira ndicho chimamuchititsa kuunjika tsiku, malo, bungwe lothandiza ndi maudindo atatu m'chiganizo chimodzi mpaka wowerenga pawailesi mpweya kumuthera.

Kufulumira nako kuli ndi ngozi yake, ndipo dera la Thyolo linaiona. Mu Seputembala ndi Okutobala 2017 mphekesera za anamapopa zinafalikira ku Mulanje, Phalombe, Thyolo mpaka Blantyre, ndipo anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya. Pa nthawi ngati imeneyo, chiganizo choti "Anamapopa avuta ku Thyolo" n'chachifupi, n'chokopa, koma chavomereza kale kuti anamapopawo alipo. Chiganizo choti "Anthu apha mlendo pomuganizira kuti ndi namapopa" chikunena chimene chaoneka ndi maso, ndipo chikuika imfa ya munthu patsogolo pa mphekesera. Kusiyana kwake ndi mawu ochepa chabe, koma m'mudzi umene anthu akugona panja ndi zibonga, mawu ochepawo akhoza kupulumutsa kapena kuphetsa munthu wodutsa usiku.

Nkhani ya maganizo ili ndi ufulu wochulukirapo. Siikakamizidwa kutula zonse pakhomo. Ikhoza kuyamba ndi kanthu kakang'ono, malinga kanthuko kakhale koona ndiponso kolozera kumene nkhani ikupita. Matenda ake ndi ena, ochokera ku chimangirizo cha kusukulu. Wina amayamba ndi kutiuza kuti Malawi ndi dziko lodalira ulimi, ngati kuti wowerenga wa ku Bvumbwe, amene amadutsa pa siteshoni yofufuza zaulimi tsiku ndi tsiku, sakudziwa. Wina amayamba ndi "akuluakulu anati", n'kuponya mwambi. Mwambi ndi wokoma, koma pabwalo akuluakulu amauponya atamva mbali zonse, pogamula. Ukabwera poyambirira umatseka mlandu usanazengedwe, ndipo ndime zotsatira zimangokhala zochitira umboni chigamulo chimene chaperekedwa kale.

Gwero lina la vutoli lili m'zipinda zolembera nkhani. Ku yunivesite ya MUBAS ndi ku Malawi Institute of Journalism maphunziro a utolankhani amachitika makamaka m'Chingerezi, ndipo nkhani zambiri za m'Chichewa, pawailesi ndi m'masamba ngati Tikambe, Tamvani kapena Boma Lathu, zimapikisana ndi nthawi, mwakuti n'kosavuta kungotenga ya Chingerezi n'kuitembenuza mzere ndi mzere. Chotuluka chake ndi chiganizo chachitali chimene mayi wa pa esiteti ya Satemwa kapena ya Naming'omba sanganene pakamwa pake. Mkonzi wa tsamba la Chichewa angachite bwino kumuimitsa mtolankhani asanakhale pakompyuta n'kumufunsa pakamwa kuti kwachitika chiyani kumene wachokerako. Yankho limene limatuluka pamenepo nthawi zambiri limayamba ndi anthu ndi chimene chawagwera, m'Chichewa choyenda bwino, ndipo mkonzi alilembe pomwepo mtolankhaniyo asanatsegule chikalata chimene anapatsidwa ku msonkhano.